Madisiki a M'mabokosi Ofiira

Lamlungu, kumapeto kwa Julayi. Titabwerako kutchalitchi ndinakhala pansi pabalaza n'kumapukuta mabokosi a madisiki ndi kansalu, limodzilimodzi, monga ndimachitira sabata iliyonse. Mphepo ya mwezi uno imalowetsa fumbi ngakhale titseke mazenera, ndipo adada safuna kuona fumbi pa mabokosiwo. Ndi ofiira moderako ngati chidede chokhwima, ndipo ndi aafupi pang'ono poyerekeza ndi mabokosi akuda a madisiki wamba. Ndinkapukuta mochedwa dala. Panja adada anali kukhola, akuchotsa nkhupakupa pa kankhunzi kathu kuti kaoneke bwino, chifukwa wogula abwera mawa m'mawa. Ndalama zake akufuna agulire batire lalikulu ndi katoni yonse ya madisiki ofiirawa. Ine ndikudziwa chinthu chokhudza madisikiwa chimene adada sakuchidziwa, ndipo chikundilemera kuyambira Lachisanu. Ndilemba zonse kuchokera poyambira, mwina ndikaziona zitandondozana ndiona chochita.

Adumbu anga, mlongo wanga wamkulu, anapita ku Joni ine ndili giredi sikisi. Ankaimba foni kwa asibweni, mlongo wawo wa amama, amene ali ndi kagolosale pamsewu wopita kwa Kapichila. Za ntchito sankanena zambiri. Ankangoti, "Tikugwira." Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, zokwanira sopo ndi shuga. Anzawo amene anapita nawo limodzi ena anatumiza malata, wina njinga yamoto, koma kwathu kunalibe chooneka ndi maso. Adada akamadutsa pamene amuna amasewera bawo, wina ankafunsa mokweza kuti, "Nanga wa ku Joni uja akuti bwanji?" Adada ankayankha kuti ali bwino, n'kupalasa njinga mofulumira.

Kutatsala sabata kuti tichite Isitala, kunafika katoni. Anabwera nayo amayi ena a ku Kasungu, kutsidya kwa malire, amene amapita ku Joni pa basi kukatenga mabulangete ndi mapoto n'kudzagulitsa pamsika wa paboma. M'katonimo munali makina akuda, olemera, aatali kuposa makina a dividi amene ndinaonapo, ndi madisiki atatu m'mabokosi ofiira. Tsiku lomwelo adumbu anaimba. Ine ndinali pafupi, ndinamva mawu awo akutuluka m'kafoni ka asibweni.

"Adada, amenewo si makina wamba. Ndi atsopano, kuno omwe ali nawo ndi ochepa. Madisiki ake ndi a mabokosi ofiira. Muwasamale."

Adada anathokoza kuti, "Yewo, mwana wanga," katatu konse, n'kubweza foni.

Kwathu kulibe magetsi. Tili ndi sola imodzi padenga, batire lagalimoto, ndi tivi yakale imene adada anagula kwa aphunzitsi ena atasamutsidwa. Makinawo atalumikizidwa, tinakhala tikudikira. Kagetsi kanayaka, koma chitseko cha disiki sichinatseguke. Amama anali atayamba kunena kuti mwina aonongeka panjira pamene chinatuluka chokha, pang'onopang'ono. Mpaka lero amatero, amachedwa kudzuka moti ukhoza kupita kukamwa madzi n'kubwera. Adada anati, "Munthu wamkulu sadzambatuka ngati mwana." Tonse tinaseka. Ndikuganiza kuti tsiku limenelo ndi lomaliza limene tinaseka tonse pamodzi m'nyumba muno.

Kunena zoona, pa tivi yathuyo ine sindinaone kusiyana ndi zimene timaonera kwa anansi athu. Koma adada ankaloza n'kunena kuti, "Taona tsitsi la munthuyo, ukhoza kuliwerenga." Ndinkavomera. Amama anasoka kansalu ka maluwa kovundikira makinawo, ndipo anaikidwa pamwamba pa kabati, pomwe kale pankakhala wailesi.

Asibweni anabwera ndi disiki yawo ya kwaya, ya wamba, kuti tiyese ngati ingasewere. M'kabuku ka makinawo ndinali nditawerenga kuti ikhoza kusewera, ndipo ndinanena, koma motsitsa mawu. Adada anaimirira pakati pa asibweni ndi kabati.

"Mulamu, ng'ombe yanu yachizungu ya mkaka ija, munaitumiza kudambo pamodzi ndi zinzake. Inatha miyezi ingati?"

"Ija inafa ndi nkhupakupa, mulamu."

"Inafa ndi kudya zosayenera mtundu wake. Disiki yanuyo yadutsa m'manja mwa anthu angati? Bwererani nayo."

Asibweni anaibweza m'thumba la jekete akuseka. Kuyambira pamenepo lamulo linakhazikika: m'makina a adumbu mumalowa zofiira zokha.

Ntchito yanga inakhala iwiri, kupukuta ndi kumasulira. Mafilimuwo ndi a Chingerezi chothamanga, ndipo pakhomo pano amene ndimachimvako ndine. Lamlungu lililonse masana, batire litadzaza, amuna a m'mudzi ankabwera kudzakhala pa mabenchi, ine n'kukhala pa kampando pafupi ndi tivi kumawauza m'Chitumbuka zimene zikunenedwa. Ine ndine munthu woti m'kalasi aphunzitsi akanditchula mawu amandithawa. Poyamba ndinkalankhulira m'khosi mpaka wina ankati, "Kwezani mawu, a wailesi." Zikafika poti mwamuna ndi mkazi ayandikana, ndinkayang'ana pansi n'kunena kuti, "Akukambirana za kunyumba." Amunawo ankaseka, adada n'kutsokomola. Komabe ndinayamba kuzolowera, chifukwa ndinkaona nkhope ya adada. Ankakhala chowongoka, manja pa mawondo, osayang'ana kwambiri tivi koma alendo awo.

Madisiki atatu sachedwa kutha. Ija ya anthu otsekeredwa m'sitima pakati pa madzi oundana tinaionera mpaka ana a m'mudzi anayamba kuisewera kudambo. Adada anandituma kumsika pochokera kusukulu kuti ndikafunse ena. Pali mnyamata wachikulire amene amagulitsa madisiki pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Chipata, aja oti disiki imodzi mafilimu ambirimbiri. Ndinamuonetsa bokosi lofiira. Analitembenuza uku ndi uku.

"Sisita, izi mwazicotsa kuti? Izi kuno sizibwela. Simunamve kuti kuli nkhondo?"

Ndinapukusa mutu.

"Kuli mitundu iwili yatsopano, ya mabokosi ofiila na ya mabokosi a buluu. Makina a uyu sadya za uyu. Makampani yamenyana. Amene aluza, makina yake yasanduka mpando. Ine langizo langa, osagula ciliconse mpaka amalize kuphana. Tengani iyi ya mafilimu twente, muonele na banja."

Nditawafotokozera adada, sanakhumudwe. Anakhala ngati awapatsa timu yampira. Anati, "Ndiye ife ndife ofiira." Amama anafunsa kuti nanga ofiirawo akagonja. Adada anati, "Mwana wanga ali komweko, akuona ndi maso. Angasankhe gulu logonja?" Anapita okha kwa amayi a ku Kasungu aja kukawauza kuti ulendo wotsatira abweretse ena. Anabweretsa awiri, ndipo mtengo umene anatchula unali wotsika moti adada anabwera akunena kuti mayiyo ndi waulemu, wawachotsera chifukwa chodziwana ndi mwana wawo.

Kenako unafika mwezi wa Meyi. Tinamva pa wailesi kuti ku Joni anthu ayamba kuthamangitsa alendo, akuotcha zisakasa zawo zamalata, ena akuphedwa pamsewu. Asibweni anaimba nambala ya adumbu. Inali yotseka. Anaimba mawa lake, ndi mkuja, chimodzimodzi. Anyamata awiri a mudzi woyandikana nafe anabwera pa basi opanda ngakhale chikwama, wina ali ndi bala pamutu. Amama anayenda wapansi kukawafunsa. Anati adumbu anasiyana nawo kalekale, sankadziwa kumene ankakhala.

Amama anasiya kudya bwino. Ankaphika, n'kutigawira, iwo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Foni ya asibweni ikalira pamene amama ali pagolosale, ankaimirira ngakhale akudziwa kuti ndi ya oda ya shuga.

Kumayambiriro kwa Juni asibweni anabwera kunyumba atavala jekete, zimene zimasonyeza kuti abwera ndi nkhani. Anakhala pabalaza, ine ndikuwapatsa madzi.

"Mulamu, ine pasipoti ndili nayo. Ziwawa zayamba kuzizira kumeneko, mabasi akuyenda. Gulitsani ng'ombe imodzi, ndipite ndikamufune. Ndikayamba kumatchalitchi ndi kumisasa kumene asonkhanitsa anthu."

"Mukamufune kumisasa? Mwana wanga?"

"Kulikonse kumene angapezeke."

Adada ananyamuka n'kuvundukula kansalu ka maluwa kaja.

"Tayang'anani apa, mulamu. Amene akuwaotchawo ndi a m'zisakasa. Munthu wogona m'chisakasa angagule chinthu ichi? Angachione n'komwe? Mwana wanga amakhala kumayadi, kuli mipanda ndi alonda. Foni yabedwa, basi. Mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku. Inu mukufuna mukamuchititse manyazi pamaso pa mabwana ake, kuti kwawo atumiza munthu kudzamufuna ngati mbuzi yosochera."

"Mbuzi yosochera imafunidwa, mulamu."

"Yanga sinasochere."

Asibweni anayang'ana amama. Amama anayang'ana makina. Ndinaona kuti nawonso akufuna kukhulupirira, ndipo mwina anakhulupiriradi pang'ono, chifukwa madzulo ake anadya. Amuna a pabawo nawo anagwirizana ndi adada. Ankabwera Lamlungu, n'kuyang'ana makinawo akudzuka mochedwa muja, n'kumati zoona, chinthu ichi si cha munthu wovutika. Ine ndemwe ndinkakhulupirira. Ndikamapukuta mabokosi ndinkaona adumbu ali m'nyumba ya matailosi, atakhala pa sofa, akudandaula za foni yawo yobedwa.

Kuyambira pamenepo adada anasintha kaonedwe kawo ka madisiki. Kale ankafuna filimu yatsopano kuti alendo asatope. Tsopano ankangofuna kuti bokosi lofiira lifike. Amayi a ku Kasungu akabweretsa limodzi, adada ankaligwira nthawi yaitali asanalitsegule, n'kunena kuti, "Mwaona, kumeneko zinthu zikuyenda. Masitolo ali otsegula." Ngati kuti bokosilo latumizidwa ndi adumbu. Mwezi wa Juni wonse ndi Julayi uno akhala akudya, akugona, akupita kumunda kukatema mapesi, chifukwa cha mabokosi amenewa. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anatiuza kuti asamadandaule kwambiri.

Lachisanu lapitali anandituma kuti pochokera kusukulu ndikadutse kwa amayi aja, ndikatenge disiki imene anaitanitsa, ndiponso ndikawauze kuti ulendo uno abweretse katoni yonse, ndalama zipezeka Lolemba. Ndinawapeza akupinda mabulangete. Ndi mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene amalankhula Chichewa cha kwawo ndipo amaseka ife kuti timameza zilembo. Anandipatsa disikiyo. Nditanena za katoni, anasiya kupinda.

"Katoni? Bambo akowo akufuna atsegule sitolo?"

"Akuti agulitsa ng'ombe."

"Ng'ombe." Anaika bulangete pansi. "Bwera kuno, mwanawe. Khala pa belo apa. Uli kalasi yanji?"

"Giredi naini."

"Ndiye ndiwe wamkulu. Tamvera. Nkhondo imene bambo ako amainena ija inatha kalekale. Inatha mvula isanathe. Ofiira anagonja. Zimenezi sakupanganso. Ukudziwa kumene ndimazitenga? Pakhomo pa sitolo pali dengu lalikulu la waya, amazithira mmenemo ngati tomato woola. Utenge zingati, iwo akungofuna malo. Katoni ndikhoza kubweretsa, ndipo idzakhala yomaliza, chifukwa dengulo likatha ndiye kuti zatha."

Ndinati, "Koma makina aja ndi odula."

"Anali odula. Pamene mlongo wako ankagula, anali atawaunjika pakhomo pomwepo, mtengo wa nsapato. Anthu ankangowadutsa."

Ndinkayang'ana bulangete limene linali patsogolo panga, la chithunzi cha kambuku.

"Iyeyo munamuona?" ndinafunsa.

"Ndinamuona tsiku limene anabweretsa katoni ija pokwerera mabasi. Anabwera wapansi, ataisenza paphewa. Ndalama yolipirira katundu analibe, ndiye anandithandiza kukweza mabelo anga onse pa ngolo ya basi, kuti tikhale tathana. Mwana wamakhalidwe. Koma anali wowonda, ndipo manja ake anali ong'ambika ndi simenti. Zovala zake zinkanunkha palafini ndi utsi. Ine ndayenda ku Joni zaka zambiri, fungo limenelo ndimalidziwa. Kumayadi saphikira palafini."

"Ankakhala kuti?"

"Sindinamufunse. Anangondipempha kuti ndikafika ndisanene zambiri. Anati, mukangopereka, muwauze kuti ndili bwino."

"Nanga bwanji simunawauze adada, zitayamba zija?"

Anapumira m'mwamba n'kuyambanso kupinda.

"Bambo ako akabwera pano sandifunsa za mwana. Amandifunsa za madisiki. Kawiri konse ndinayamba kuti, bambo, mwana wanu uja, iwo n'kundidula kuti ali bwino, amakhala kumayadi. Ine ndine mlendo m'dziko lino, mwanawe. Ndingakakamize bambo wa eni kumva zimene sakufuna? Disiki imodzi imodzi ndimati palibe kanthu, ziwatonthoze. Koma ng'ombe ayi. Ng'ombe sindidya nawo. Ndinyamuka Lachitatu. Upite ukaganize, udzandiuze iweyo ngati ndibweretse kapena ayi."

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, njinga ndikuikankha. Chimene chinkandipweteka kwambiri si kuti makinawo ndi otchipa. Ndinkaona adumbu ataima pakhomo pa sitoloyo, akuwerenga mtengo, akuona kuti pomaliza apeza chinthu chachikulu, cholemera, chonyezimira, chimene angathe kutumiza kwawo kuti adada asamathamangitse njinga podutsa pabawo. Mwina ankadziwa kuti ofiira agonja. Mwina sankadziwa, anangoona mwayi. Anayenda nacho paphewa mtunda umene sindikuudziwa, n'kukweza mabelo a munthu wina kuti chifike kuno.

Nditafika, adada anali pakhonde. Anatambasula manja ndisanatsike n'komwe pa msewu. Ndinawapatsa bokosilo. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Za katoni wawauza?"

"Ndawauza."

"Ati bwanji?"

"Ati anyamuka Lachitatu."

"Basi, zili bwino. Akadzabwera mkulu wako adzapeze shelefu yodzaza. Adzaone kuti sitinamugwetse."

Loweruka ndinachapa, ndinasesa, ndinayesa kuwerenga za mayeso koma palibe chinalowa. Masana ndinakhala ndi amama kuseri tikusenda mtedza. Kangapo ndinatsegula pakamwa. Amama sanandiyang'ane, koma anafunsa.

"Mayi uja amamuona mkulu wako akapita?"

"Anamuona kamodzi. Tsiku la katoni lija."

"Anali bwanji?"

Ndinasenda mtedza wina, n'kupeza uli wofumbwa. Ndinati, "Ati ndi wamakhalidwe."

Amama anagwedeza mutu. Kenako anati, "Ali mwana, akagwa pamtengo ankabwera akuyenda chowongoka, n'kukalirira kuseri kwa khola." Sanandifunsenso. Sindikudziwa ngati anasiya kufunsa chifukwa anamva, kapena chifukwa ankaopa kumva. Ndinaona kuti ngati ndiwauza iwo poyamba, ndiwasenzetsa katundu woti akamutule kwa adada, ndipo adada adzati ndi mantha a chizimayi, kapena kuti asibweni ndiwo awatuma. Amene ndinamva ndi makutu anga ndine.

Lero masana, nditamaliza kupukuta, amuna anabwera monga mwa nthawi zonse, ngakhale masiku ano achepa. Asibweni nawo anabwera. Sanakhale pa benchi, anaima pakhomo.

"Ndamva kuti kankhunzi kakupita mawa, mulamu."

"Mwamva bwino."

"Kwathu kuno ng'ombe imatuluka m'khola chifukwa cha malowolo, maliro, mlandu kapena sukulu. Ya mafilimu ndiyamba kuiona kwa inu."

"Mudzaona zambiri mukakhala ndi mwana ku Joni."

"Ine ndikadali ndi pasipoti ija."

"Isungeni, ingadyedwe ndi chiswe."

Amuna aja anaseka pang'ono, mosamasuka. Asibweni anandiyang'ana ine, sindikudziwa chifukwa chake, kenako anapita.

Filimu yatsopanoyo inali ya munthu woyenda yekha m'chipululu galimoto yake itaonongeka. Mawu anali ochepa, choncho ntchito yanga inali yochepa. Ndinakhala pa kampando kanga ndikuyang'ana kagetsi ka makina. Pena munthuyo analankhula yekha, ine osamva, mpaka adada anati, "Mama, akuti chiyani?" Adada amanditchula kuti mama akakhala okondwa. Ndinati, "Akuti ali ndi ludzu." Filimu isanathe batire linafooka, tivi inazima. Adada anauza alendowo kuti, "Sabata yamawa zimenezi kulibe. Tikhala ndi batire lalikulu."

Anthu atapita ndinavundikira makina n'kubwera kuno kuchipinda dzuwa lisanalowe. Ndakhala ndikuganiza mbali zonse.

Ndikhoza kukhala chete. Kankhunzi kapita, Lachitatu ndikawauza amayi aja kuti abweretse, ndipo akakana ndiwachonderera. Katoni ikafika adada akhala ndi madisiki okwanira chaka chonse, mwina kupitirira. Adya, agona, magazi awo akhala pansi. Adumbu akhalabe munthu wa kumayadi, monga momwe anafunira kuti tiziwaonera. Iwo eni anapempha kuti zisanenedwe. Kunena kuli ngati kuwavula pagulu, iwo kulibe kuti adziyankhire. Ndiponso mwina foni inabedwadi. Anthu a m'zisakasa nawonso amabedwa mafoni. Mwina mawa kapena mwezi wamawa aimba, ndipo ine ndidzakhala nditaphwanya mtima wa adada pachabe.

Palinso china chimene ndikuopa kuchilemba. Mwina kupita kwa asibweni sikungasinthe kanthu, chifukwa miyezi iwiri yadutsa.

Koma ngati ali moyo, ali pamalo pena popanda foni, popanda ndalama ya basi, mwina akudwala, ndipo ndi munthu woti sangapemphe. Kuno kuli munthu mmodzi amene ali wokonzeka kupita, ndi ng'ombe imodzi imene ingamufikitse. Zina zotsalazo ndi zolimira ndi yamkaka, adada sangazigulitse. Chimene chikutsekereza ulendowo ndi makina ali pa kabatiwo, ndipo amene akudziwa mtengo wake weniweni pakhomo pano ndine ndekha. Ndikapitiriza kubweretsa mabokosi ofiira, ndiye kuti ulendo uliwonse ndizibwera ndi umboni wabodza m'chikwama cha sukulu, adada n'kumaulandira ndi manja awiri.

Sindikudziwa kuti adada adzatani. Mwina adzati mayi wa ku Kasungu ndi wabodza, akufuna kukweza mtengo. Mwina adzandikalipira, chinthu chimene sanachitepo. Chimene ndikuopa koposa n'chakuti adzakhulupirira pomwepo, n'kukhala pansi, ine ndikuwaona. Ndaganiza zoyamba ndadutsa kwa asibweni kuti tibwere awiri, koma pamaso pa mlamu wawo adada sangagonje, adzaumirira ngakhale mtima utavomera. Ziyenera kukhala ife awiri, popanda wina woonerera.

Sindidzayamba ndi mtengo wa makina. Ndidzayamba ndi mabelo, kuti adumbu anakweza katundu yense wa amayi aja pa basi kuti mphatso ya adada ifike, chifukwa zimenezo n'zoona ndipo adada ayenera kuzidziwa kaye. Kenako manja, kenako palafini. Za dengu la pakhomo pa sitolo ndidzanena pomaliza, ngati adzafunsa. Ndaziyeserera motsitsa mawu kawiri, ndipo kawiri konse mawu andithera nditafika pa za manja.

Mawa ndidzuka adada asanatsegule khola. Sindivala yunifomu, kuti asandiuze kuti ndichedwa kusukulu. Ndikawapeza komweko wogula asanafike, ndikawauza kuti kankhunzi kagulitsidwe ndithu, koma ndalama zake zipite kwa asibweni, ndipo ndikawauza chifukwa chake.